Msewu wa Kum'mawa, kuchoka pa Rufunsa kukafika ku Kacholola: galimoto yodzaza itsike bwanji, nanga pa rodibuloko amafuna chiyani?

Amai_a_ku_Kaunda_Square:

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa inu odziwa msewu wa Great East. Kumapeto kwa mwezi uno banja lathu lipita ku Petauke pa Toyota Noah ya otomatiki, anthu 7 ndi katundu kumbuyo. Woyendetsa ndi mwana wa mlongo wanga. Laisensi ali nayo ndipo muno mu Lusaka amayendetsa bwino, koma mapiri a ku Manenekera sanawatsikepo ali pa chiwongolero, ndipo mvula yayamba. Galimotoyi tiione chiyani tisananyamuke? Pa mtsetse wopita ku mlatho wa Luangwa mnyamatayu azichita bwanji kuti mabuleki asamuthere? Tinyamuke nthawi yanji? Ndiponso pa marodibuloko amafuna mapepala ati, poti aliyense amanena zake. Ndiuzeni mwatsatanetsatane chonde, ndikamuwerengere.

Makaniko_wa_ku_Garden:

Amai, ndiyambe ndi mabuleki. Pa mtsetse umenewo nthawi zambiri mabuleki sathyoka ayi, amapsa. Buleki imaimitsa galimoto posandutsa liwiro kukhala kutentha. Mu tauni munthu amaponda masekondi awiri kapena atatu, n'kusiya, disiki n'kuzizira. Pa mtsetse wautali, phazi likangogona pa pedulo mphindi 5 kapena 10 ndi galimoto yolemera, kutenthako kumasowa kothawira, ndiye pamachitika chimodzi mwa zinthu ziwiri. Mapadi akapsa amaterera pa disiki: pedulo imakhala yolimba bwinobwino koma galimoto sikuima, ndipo mumamva fungo la chinthu chowauka. Fluwidi, mafuta a mabuleki aja, ikawira mumalowa thovu m'mapaipi, pedulo n'kufewa, n'kumira mpaka pansi. Fluwidi ya mtundu wa DOT 4 yatsopano imawira pa madigiri 230, koma ikakhalitsa imayamwa chinyezi ndipo imatha kuwira pa 155. Ya DOT 3 imatsika kuchoka pa 205 kufika pa 140. N'chifukwa chake galimoto imene imaima bwino pa Cairo Road imatha kukana kuima ku Manenekera, mwini wake n'kumalumbira kuti mabuleki anali bwino. Ngati simudziwa kuti fluwidi inasinthidwa liti, kapena papita zaka ziwiri, aikhetse yonse aike yatsopano. Kungowonjezera pamwamba sikuthandiza.

Galimoto ipite ku galaji kutatsala sabata, osati dzulo la ulendo. Achotse matayala onse anayi aone ndi maso. Mapadi akutsogolo akatsala ochepera mamilimita 3 asinthe, ndipo akasintha ayende nawo mu tauni makilomita 200 kapena kuposa kuti akhazikike pa disiki, chifukwa mapadi atsopano sagwira mokwanira tsiku loyamba. Ngati kumbuyo kuli madiramu, atsegule aone ngati masilinda sakudontha. Fluwidi ikanyowetsa mashu, tayala limenelo siligwira ndipo galimoto imakokera mbali imodzi mukaponda mwamphamvu.

Matayala muwerenge zaka zake. M'mbali mwa tayala, kumapeto kwa mzere woyamba ndi DOT, muli manambala anayi. Mukaona 2319, tayalalo linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Tayala lopitirira zaka 6, ngakhale mizere ikuoneka, raba yake imakhala itauma, ndipo kutentha kwa m'chigwa cha Luangwa kumaliphulitsa. Nthawi ya mvula mizere isachepere mamilimita 3. Samalaninso ndi matayala a salaula ochokera ku Japan olembedwa studless. Anawapangira chipale chofewa, pa tara yotentha ndi yonyowa amatalikitsa mtunda woimira. Mphepo aike m'mawa matayala asanatenthe, motsata kapepala komata pa chitseko cha draiva, ndipo speya aiyezenso. Ngati muli ndi matayala awiri okha abwino, aikeni kumbuyo, chifukwa kumbuyo kukaterereka pa kona draiva wamba sangakubweze. Katundu wolemera akhale pansi, pafupi ndi mpando womaliza, womangidwa. Matumba a ufa kapena simenti pa kariya pamwamba amachititsa galimoto yaitali ngati Noah kupendekeka pa kona. Aone madzi a mu radiyeta, fani, ndi maraba a mawaipa. Injini ikatentha pa chitunda aime, adikire theka la ola, asatsegule chivundikiro cha radiyeta ili yotentha.

Tsopano chachikulu, chimene mumuwerengere kawiri. Giya yotsikira imasankhidwa pamwamba pa phiri, galimoto isanayambe kuthamanga yokha. Akafika poyambira mtsetse achepetse kufika pa 50, achotse pa D. Ngati ndi Noah yakale, adine batani la O/D kuti lizime, ndipo mtsetse ukakula akokere pa 2. L ndi ya potsetsereka kwambiri, pa liwiro la pansi pa 30. Ngati ndi yatsopanoko, ya giyabokosi ya mtundu wa CVT, giya yogwirira yalembedwa B, S kapena M. Injini idzalira, singano idzakwera pa 3,000 kapena 4,000. Asaope, bola isalowe pofiira. Kulira kumeneko ndiko kuti injini ikugwira galimoto m'malo mwa mabuleki. Liwiro likakwerabe kufika pa 50, aponde molimba masekondi atatu mpaka litsike pa 40, kenako achotseretu phazi. Likakweranso abwereze. Akaona kuti akuponda pafupipafupi, ndiye kuti giya yachepa mphamvu, atsike inanso. Ayeseze zimenezi pa kamtsetse ka pafupi ndi kwanu ulendo usanafike, kuti dzanja lizolowere kumene giya ili.

Kuika pa N kuti asunge mafuta, zimene ena amati kuyenda pa fili, asayerekeze. Kulemera konse kumagwera pa mabuleki. Ndipo mafutawo sasungika n'komwe, chifukwa injini za masiku ano zimadula zokha mafuta mukatsika muli pa giya phazi mutachotsa.

Draiva_wa_Intercity:

A Makaniko anena zoona zokhazokha. Ine ndinene za msewuwo, amai.

Kuchoka mu Lusaka kufika pa Chongwe ndi makilomita pafupifupi 45, ndipo chakumeneko kuli toligeti, mukhale ndi ndalama yake pafupi. Mlatho wa Luangwa uli pa makilomita pafupifupi 230, Nyimba pafupifupi 330, Petauke pafupifupi 400. Wina akakuuzani kuti amafika m'maola anayi, musamutsanzire. Muike maola 6 kapena 7 pamodzi ndi kupuma. Mafuta mudzaze mu Lusaka kapena pa Chongwe, chifukwa pakatipo malo omwetsera ndi otalikirana ndipo netiweki m'mapirimo imaduka.

Munyamuke cha m'ma 06:30. Mukupita kum'mawa, choncho mukachoka mdima usanathe dzuwa lidzakutulukirani m'maso muli pa msewu wodzaza njinga ndi ana a sukulu. Mukanyamuka nthawi ndanenayi mudzafika m'mapiri cha m'ma 10:00, kukuwala bwino, mvula ya masana isanagwe. Pobwerera ndi chimodzimodzi motembenuza: muchoke ku Petauke m'mawa kuti dzuwa la 17:00 lisakupezeni mukukwera Manenekera mutaliyang'ana. Usiku musayende m'gawo limeneli. Magetsi otsika amaonetsa mamita 50 kapena 60 okha. Galimoto yothamanga 100 pa ola imayenda mamita opitirira 40 draiva asanafikitse phazi pa buleki, n'kuwonjezera ena opitirira 50 kuti iime, onse pamodzi pafupifupi 100 pa tara youma, ndipo pa yonyowa amafika 140. Ndiye kuti thiraki yofera pa msewu yopanda magetsi mumaiona nthawi yoima itatha kale. Pa 60 mtunda wonsewo ndi mamita 45.

Pa makona lamulo ndi limodzi: chepetsa usanalowe. Buleki ipondedwe msewu ukadali wowongoka, polowa pa kona phazi lichoke, potuluka ndiye awonjezere moto pang'ono. Kuponda mwamphamvu uli pakati pa kona ndiko kumatembenuza galimoto zazitali. Mphamvu yokankhira galimoto kunja kwa kona simakula mofanana ndi liwiro ayi. Kona imene mwadutsa bwino pa 60, mukailowa pa 85 mphamvuyo imakhala yowirikiza kawiri. Akhale kumanzere kwenikweni kwa mzere wake, asadule kona ngakhale kutsogolo kukuoneka kopanda kanthu, chifukwa thiraki yaitali ikamakhota ngolo yake imalowerera mkati ndipo imadya mbali yanu. Msewuwu mumadutsa mathiraki ndi matanka opita ku Malawi kudzera pa Mwami, ndi ena olowera ku Mozambique kudzera pa Chanida, choncho pa kona iliyonse yosaoneka aziganiza kuti kuseriko kukubwera imodzi.

Mbali ya kuno ku Lusaka, musanafike pa mlatho, msewu ndi wakale, wopapatiza, ndipo malo ena m'mphepete mwa tara munadyeka n'kusiya kaphompho. Tayala lakumanzere likagwera m'menemo asakoke chiwongolero mwadzidzidzi, pakuti galimoto imadumphira mbali ya anzake. Agwire molunjika, achotse phazi pa moto, liwiro litsike mpaka 30 kapena 40, ndiye abwerere pa tara pang'onopang'ono. Mvula yoyamba ikangowaza, fumbi ndi dizilo wotayika zimasanduka ngati thelele pa tara. Mphindi zoyambazo ndi zoopsa kuposa mvula yamphamvu imene yatsuka kale msewu.

Kuovateka ndiko kumandiwawa mtima kwambiri, chifukwa ngozi zake zimakhala za mutu ndi mutu. Thiraki yolemera imakwera phiri pa 15 kapena 20, kumbuyo kwake n'kupangika mzere, anthu n'kuyamba kutopa. Tiyeni tiwerenge. Pamalo athyathyathya, thiraki ya mamita 20 ikuyenda pa 60, inu pa 90. Kuti muipitirire n'kubwerera kwanu pamafunika masekondi 8 kapena 9, ndipo m'nthawi imeneyo mwayenda mamita opitirira 200. Wobwera kutsogolo pa 100 wayendanso opitirira 200. Ndiye muyenera kuona msewu wopanda kanthu pafupifupi theka la kilomita. M'mapiri a Manenekera malo otere ndi owerengeka, ndipo Noah ya anthu 7 pa chitunda siikoka msanga. Pa mzere woyera wosaduka asatuluke. Asamatirire kumbuyo kwa thiraki, asiye mpata wa masekondi anayi kuti aziona kutsogolo, komanso chifukwa thiraki ikalephera giya pa chitunda imabwerera chambuyo. Madraiva a mathiraki amayatsa indiketa ya kumanja kunena kuti usapite, ya kumanzere kunena kuti pita. Ya kumanja aimvere nthawi zonse. Ya kumanzere asaikhulupirire yokha, chifukwa mwina munthuyo akungofuna kuima, kapena sakudziwa kuti galimoto yanu yalemedwa. Atuluke pokhapokha waona ndi maso ake.

Akaona nthambi zamasamba zitaikidwa pa tara, adziwe kuti kutsogolo kwafera galimoto, achepetse nthawi yomweyo. Njinga zonyamula malasha zimakhala zotambalala ndipo pa mtsetse sizima msanga, azizipatsa mpata wopitirira mita imodzi. Mbuzi kapena nkhumba ikadumphira mu msewu aponde buleki molunjika, asaizembe ndi chiwongolero. Pa msika wa pa Luangwa, pamene pamagulitsidwa nsomba zouma ndi madengu, aimike galimoto kunja kwenikweni kwa msewu, apume mphindi 20, ayende pansi. Mukawoloka mlatho msewu ndi wokonzedwanso, wosalala mpaka ku Mwami, ndipo apa ndi pamene ambiri amamasuka n'kuthamanga. Makona ndi zitunda zikadalipo mpaka kupitirira Kacholola.

Mlangizi_wa_Malamulo:

Amai, za mapepala ndi izi. Lamulo lalikulu ndi Road Traffic Act nambala 11 ya 2002, lomwenso linakhazikitsa bungwe la RTSA. A RTSA ndiwo amapereka malaisensi, fitinesi ndi rodi takisi, ndipo amayenderanso misewu. Apolisi a trafiki ndiwo amaima pa marodibuloko ambiri ndi kulemba za ngozi. Kukonza msewu ndi zikwangwani ndi ntchito ya bungwe la RDA, pamene matoligeti ali m'manja mwa bungwe la NRFA. Kudziwa zimenezi kumathandiza kuti dandaulo lipite ku ofesi yoyenera.

Mnyamatayo akhale ndi laisensi yeniyeni m'thumba, yosatha masiku, ya kalasi B. Pa galasi pakhale madisiki a rodi takisi, fitinesi ndi inshuwalansi, ndipo muone masiku ake lero lomwe, chifukwa ambiri amazindikira kuti inatha wapolisi ataloza. Mutenge kope ya white book, pepala losonyeza mwini galimoto, ndipo ngati galimoto ili m'dzina la munthu amene sapita nawo, kalata yachidule yololeza imachepetsa mafunso. M'galimoto mukhale matrayango awiri, chozimitsira moto, ndi zonyezimira, zoyera kutsogolo, zofiira kumbuyo. Magetsi onse ayake, makamaka a mabuleki ndi a nambala. Anthu asapose mipando, mwana naye ndi munthu, ndipo aliyense amange lamba. Musatenge anthu olipira panjira kuti athandize mafuta. Galimoto ya banja ikanyamula olipira yalakwira lamulo, ndipo pakachitika ngozi a inshuwalansi amapezapo pokanira.

Liwiro kunja kwa tauni ndi 100 pa ola pokhapokha chikwangwani chikanena locheperapo, ndipo pafupi ndi masukulu limatsika mpaka 30. Nambala 100 ndi malire, si lamulo lakuti muzifika pamenepo. Munthu angathe kuimbidwa mlandu woyendetsa mosasamala ali pa 70 ngati malowo sanali oyenera 70. Foni m'manja ndi mlandu. Mowa malire ake ndi mamiligiramu 80 pa mamililita 100 a magazi, koma kwa draiva wa ulendo uno muyezo ukhale wakuti asalawe, ngakhale usiku wa dzulo lake.

Akamuimitsa, ayatse indiketa, aime pamene wauzidwa, atsitse galasi, apereke moni, apereke chimene chapemphedwa. Pa mlatho wa Luangwa pali malo achitetezo, mutsike liwiro msanga ndipo musajambule zithunzi. Pobwerera dziwani kuti nkhumba ndi nyama yake zochokera Kum'mawa zimaletsedwa kuwoloka popanda chilolezo cha a zanyama chifukwa cha matenda a chigodola, ndipo malasha ambiri amafuna pepala la a zankhalango. Akamupeza ndi mlandu pali njira ziwiri. Kulipira faindi ya admission of guilt ndiko kuvomera kuti walakwa, ndipo apatsidwe lisiti la boma lokhala ndi nambala, tsiku, mlandu ndi ndalama zake. Ngati sakuvomera, ali ndi ufulu wonena kuti nkhani ipite ku khoti. Ndalama yopanda lisiti ndi chiphuphu, ndipo Anti-Corruption Act ya 2012 imagwira wopereka pamodzi ndi wolandira. Wina akamuvutitsa, asakangane pa msewu. Alembe malo, nthawi ndi nambala ya wapolisiyo, akadandaule kwa mkulu wa siteshoni kapena ku Police Public Complaints Commission. Mukaona basi kapena thiraki ikuyendetsedwa moika miyoyo pangozi, imbani 983 ya RTSA, munene nambala ya galimoto, malo ndi kumene yalowera.

Koma ndinene zimene zili kumtima kwanga, kuti mnyamatayo asaganize kuti akadutsa rodibuloko ndiye kuti wapulumuka. Rodibuloko imaona madisiki. Siiona fluwidi yakale, siiona draiva amene sanagone, siiona amene adzaovateke pa kona ya patsogolo. Fitinesi imanena za tsiku limene galimoto inayesedwa basi. Makina oyezera liwiro nawo amafuna msewu wowongoka ndi malo oimikapo galimoto, choncho amapezeka kwambiri pamalo athyathyathya pafupi ndi matauni, pamene anthu akufera m'makona a m'mapiri. Mu 2016 boma linatulutsa lamulo la SI 76 loletsa mabasi kuyenda kuyambira 21:00 mpaka 05:00, ndipo maganizo ake anali abwino, chifukwa linalimbana ndi chimene chimaphadi, tulo ndi mdima. Maganizo omwewo ndi amene ndikanakonda kuwaona pa Manenekera: malo otakata pamwamba pa mtsetse pamene thiraki iliyonse yolemera iyenera kuima, wapolisi n'kuona mphepo ya mabuleki ndi matayala, galimoto ya apolisi yoyendayenda pakati pa Rufunsa ndi Kacholola yogwira oovateka pa mzere wosaduka, njira ya miyala yothawirako thiraki yotha mabuleki, kanjira kachitatu pa zitunda kuti mzere usamapangike, ndi galimoto yokoka zofera pa msewu lisanalowe dzuwa. Makamaka kumapeto kwa Febuluwale pa Nc'wala ndi kumapeto kwa Ogasiti pa Kulamba, pamene msewu umadzaza madraiva a mu tauni.

Draiva_wa_Intercity:

Abambo, ndikuvomerezana nanu, makamaka pa galimoto yoyendayenda. Rodibuloko yokhazikika madraiva amaidziwa, ndipo amachenjezana ndi magetsi kutatsala makilomita awiri. Ndingowonjezera kuti malo oimitsirawo akhaledi pamwamba, mtsetse usanayambe. Kuimitsa galimoto pakati pa mtsetse kapena kuseri kwa kona kumapanga mzere umene thiraki yotsika singauone msanga. Ndiponso kugwira draiva yekha sikukwanira ngati mwini basi amamupatsa nthawi yosatheka kapena kumulipira potengera kuchuluka kwa anthu amene walanda kwa mnzake. GPS ya m'mabasi imaonetsa liwiro, ndiye chilango chizifikanso kwa kampani.

Amai, pali china chimene mnyamatayo adziwe chokhudza mathiraki. Mabuleki awo amayendera mphepo. Draiva akamapondaponda, mphepo m'matanki imatha msanga kuposa mmene kompuresa ikupopera, ndipo madiramu akatentha amafutukuka n'kutalikirana ndi mashu. Choncho pa mtsetse aziyang'ana pa galasi. Thiraki ikamabwera kumbuyo ikuliza hutala mosalekeza, ikuthwanimitsa magetsi, kapena utsi ukutuluka m'matayala, asaponde buleki patsogolo pake. Aipatse njira pamalo oyamba otheka. Ndipo akangopitirira thiraki pamwamba pa phiri asabwerere pamphuno pake n'kuchepetsa.

Amai_a_ku_Kaunda_Square:

Zikomo kwambiri abambo nonse, galimoto ipita ku galaji Lolemba. Ndifunseko chimodzi chimene ndikuchiopa. Ngati atachita zonsezi pedulo n'kumirabe, achite chiyani? Nanga tikapeza ngozi panjira, kapena itatigwera ife, chipatala chapafupi ndi chiti?

Makaniko_wa_ku_Garden:

Pedulo ikamira aipope mofulumira katatu kapena kanayi, nthawi zambiri mphamvu imabwerako pang'ono. Nthawi yomweyo atsitse giya imodzi imodzi, kuchoka pa D kupita pa 2, liwiro likatsika ndiye pa L. Buleki yoimikira aigwiritse pang'onopang'ono. Ma Noah ambiri ili ku phazi lamanzere, ndipo akaiponda yonse kamodzi matayala akumbuyo amauma, galimoto n'kuzungulira. Kiyi asazimitse, chifukwa chiwongolero chimalemera ndipo chingathe kukhoma. Ayatse mahazadi, alize hutala. Ngati sikuimabe, aikhulitse m'mbali mwa galimoto ku khoma la phiri, ku tchire kapena ku chitsulo cha m'mphepete, mopendekera, osati molunjika. Galimoto imakonzeka.

Ikaima, aike miyala ku matayala, anthu onse atuluke akaime kutali ndi msewu. Asathire madzi pa madisiki otentha, amapindika kapena kung'aluka. Pakatha mphindi 40 pedulo idzalimbanso, koma fluwidi imene yawira kamodzi imawiranso msanga. Apite pa giya yotsika, pa 20 kapena 30, mpaka pamene pali makaniko woikhetsa. Fungo lowauka likangomveka, kapena pedulo ikayamba kutalika, aime pomwepo asanafike pa zonsezi.

Namwino_wa_ku_Chelstone:

Amai, mbali ya kuno kwa mlatho chipatala chapafupi ndi St Luke's Mission ku Mpanshya, m'boma la Rufunsa. Mukawoloka n'kupitirira, ndi chipatala cha boma ku Nyimba. Ovulala kwambiri amatumizidwa ku Lusaka, ku chipatala cha Levy Mwanawasa kapena ku chipatala chachikulu cha UTH, ndipo umenewo ndi ulendo wa maola atatu kapena kuposa. Ndiye zimene anthu oyamba kufika achita zimalemera kwambiri.

Choyamba tetezani malo, kuti galimoto ina isadzagunde othandiza. Imikani yanu patali mutayatsa mahazadi. Trayango imodzi iikidwe kumbuyo, ina kutsogolo, mamita 50 kapena kuposa, ndipo ngati ngozi ili kuseri kwa kona, trayango ikhale kona isanayambe, pamene wobwera angaione. Zimitsani injini ya galimoto yangoziyo ndipo pasakhale wosuta. Imbani 991 ya apolisi kapena 992 ya ambulansi. Netiweki ikakana, tumani galimoto ziwiri, ina yopita kum'mawa ina kumadzulo, zikanene pa rodibuloko kapena pa chipatala choyamba.

Yambani ndi amene ali chete, chifukwa wolira akupuma. Ngati wakomoka koma akupuma, mugonekeni cham'mbali, wina atagwira mutu kuti ukhale molunjika ndi msana, kuti asatsamwe ndi magazi kapena masanzi. Pamene pakutuluka magazi ambiri panikizani ndi chitenje chopinda, mwamphamvu, mphindi 10 osasuzumira. Chikanyowa ikani china pamwamba, choyambacho musachotse. Chitsulo kapena galasi lolowa m'thupi musazule, lizingeni ndi nsalu. Amene akudandaula khosi kapena msana, kapena sakumva miyendo, musamukoke m'galimoto pokhapokha pali moto. Anthu ambiri amalumala chifukwa chonyamulidwa m'manja ndi m'miyendo n'kuponyedwa kumbuyo kwa vani. Ngati palibe ambulansi ndipo muyenera kumunyamula, pakhale anthu anayi, mmodzi wa mutu yekha, ndipo agone pa thabwa kapena chitseko. Wa njinga yamoto musamuvule chisoti ngati akupuma bwino. Musapatse wovulala madzi, chakudya kapena mowa ngakhale apemphe, chifukwa mwina akufunika opaleshoni. Mufunditseni, ngakhale kukutentha, popeza wotaya magazi amazizidwa.

Ngati ngozi yakhudza galimoto yanu, draiva aime, athandize, ndipo akanene ku polisi tsiku lomwelo, chifukwa lipoti la apolisi ndi limene a inshuwalansi adzafune. Aliyense amene anagunda mutu, ngakhale akuyenda bwino, akaonedwe ku chipatala, ndipo akayamba kusanza, kusinza kapena kusokonezeka m'maola otsatira abwerereko msanga.

M'galimoto muike magolovesi a raba mapeya anayi, mabandeji akuluakulu anayi, zitenje ziwiri zoyera, sizasi, tochi, bulangeti ndi malita 5 a madzi, ndipo zikhale pansi pa mpando wakutsogolo, osati pansi pa katundu.